Kodi Dexter Gordon ankachita sewero, kapena ankangoonetsa moyo wake?

Funso: Posachedwapa ndinaonera filimu ya Round Midnight, ndipo bambo wamtali woliza saxophone uja anandikhudza mtima kwambiri. Kenako ndinamva kuti ndi Dexter Gordon, woimba jazi weniweni, ndiponso kuti anapikisana nawo pa mphoto ya Oscar. Koma mnzanga akuti palibe luso la zisudzo pamenepo: munthuyo ankangoonetsa moyo wake womwe, ndipo anamusankha pomumvera chisoni. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga anali ndani asanaonekere pa kanema?

Yankho: Mnzanuyo sali yekha. Maganizo amenewa anayamba kumveka filimuyo itangotuluka mu 1986, ndipo mpaka lero alipo amene amawabwereza. Ine sindigwirizana nawo, ngakhale kuti sindinganene kuti alibiretu poyambira. Kuti musiyanitse choona ndi cholakwika pa nkhaniyi, muyenera kudziwa kaye zaka zoposa 60 zimene munthuyu anakhala ndi moyo asanapatsidwe gawo limenelo.

Dexter Gordon anabadwa pa 27 February 1923 mumzinda wa Los Angeles ku America. Sanakulire mu umphawi, monga ambiri amaganizira akamva za oimba jazi akuda a nthawi imeneyo. Bambo ake, a Frank Gordon, anali m'gulu la madokotala akuda oyambirira mumzindawo, ndipo ena mwa anthu amene ankawathandiza anali Duke Ellington ndi Lionel Hampton. Choncho mwanayo anakula akuona oimba otchuka ngati anthu wamba odziwana ndi bambo ake. Bambowo anamwalira iye akadali mnyamata. Anayamba ndi clarinet, n'kupita ku saxophone ya alto, kenako n'kukhazikika pa ya tenor, imene ili ndi mawu aakulu ndi okuya. Mu December 1940, ali ndi zaka 17 zokha, analowa m'bandi ya Hampton n'kuyamba moyo wa pamsewu. Anakhalamo mpaka 1943, ndipo chaka chotsatira anaimba ndi Louis Armstrong asanasamukire m'bandi ya Billy Eckstine.

Kusamuka kumeneku kunali kofunika. Bandi ya Eckstine ndi kumene kunkasonkhana anyamata amene ankasula kaimbidwe katsopano kotchedwa bebop: kothamanga, kokhotakhota, kofuna kuti woimba apeke nyimbo yake pomwepo pamwamba pa nyimbo yodziwika kale. Charlie Parker anali atakaonetsa pa saxophone ya alto, Dizzy Gillespie pa lipenga. Gordon ndi mmodzi mwa oyambirira amene anaonetsa kuti tenor, ngakhale ndi yolemera, ingathe kulankhula chilankhulo chimenechi popanda kutaya ukulu wa mawu ake. N'chifukwa chake John Coltrane ndi Sonny Rollins, amene anabwera pambuyo pake, anaphunzira zambiri pomumvetsera. Mu 1947 anajambula The Chase pamodzi ndi Wardell Gray, anthu awiri a tenor akuthamangitsana ndi kuyankhana, monga ankachitira usiku m'makalabu a mu Central Avenue ku Los Angeles. Anali wamtali pafupifupi mamita awiri, ndipo anzake ankamutchula kuti Long Tall Dexter.

Pali chinthu chimodzi pa kaimbidwe kake chimene ndikufuna muchigwire, chifukwa ndicho chidzatithandize tikafika pa filimu. Gordon sankathamangira nyimbo. Anatengera kwa Lester Young, katswiri wa tenor wamkulu kwa iye amene ankamulemekeza kwambiri, chizolowezi chotsalira pang'ono kumbuyo kwa kugunda kwa ng'oma. Woimba ng'oma ndi wa besi amakhala akupita, iye n'kumabwera mochedwerako dala, moti womvetsera amayamba kuda nkhawa kuti mwina watsala, koma pomaliza pa chiganizo n'kupeza kuti wafika pamalo pake penipeni. Zili ngati munthu wamkulu amene sathamangira kuyankha, koma akatsegula pakamwa aliyense amatchera khutu. Zimenezi si ulesi kapena kulephera. Zimafuna kuti munthu adziwe bwino lomwe pamene pali kugunda kuti athe kukuzemba mwadala. Komanso asanalize nyimbo yachikondi, ankakonda kuyamba waima pa maikolofoni n'kutchula mawu a nyimboyo pang'onopang'ono ndi mawu ake okuya, ndipo anthu akamawomba m'manja ankanyamula saxophone chopingasa n'kuilozetsa kwa iwo. Munthu ameneyu ankadziwa kuima pamaso pa anthu kalekale kamera isanamuyang'ane.

Zaka za m'ma 1950 zinali zowawa. Anakodwa mu heroin, monga oimba ambiri a m'badwo wake, ndipo mbali yaikulu ya zaka khumi zimenezo inathera kundende kapena m'mavuto okhudza mankhwalawo. Lamulo la ku America pa nthawiyo linkaona munthu wotere ngati chigawenga choyenera kutsekeredwa, osati wodwala wofuna thandizo. Ali kundende ya Chino ku California, kunabwera anthu odzajambula filimu yotchedwa Unchained, imene inatuluka mu 1955. Gordon anaonekeramo akuliza saxophone, koma mawu amene oonera ankamva sanali ake: anaikamo a woimba wina, Georgie Auld. Taganizirani, mmodzi mwa akatswiri a tenor a m'badwo wake akuoneka pa kanema, koma mawu ake atachotsedwa. Nkhani imeneyi imandipweteka nthawi iliyonse ndikaikumbukira.

Chimene chinamudzutsa chinali sewero la pa siteji, ndipo apa ndi pamene mfundo ya mnzanu imayamba kugwedezeka. Mu 1960, ku Los Angeles kunaonetsedwa sewero la Jack Gelber lotchedwa The Connection, lonena za anthu okodwa mu heroin amene akudikira wowabweretsera mankhwala. Gordon anapeka nyimbo za seweroli, anatsogolera oimba pa siteji, ndipo anali ndi mawu olankhula ngati mmodzi wa ochita sewerolo. Choncho zaka 25 Round Midnight isanajambulidwe, anali atalawa kale ntchito yonena mawu omwewo usiku ndi usiku koma kuwamveketsa ngati akutuluka koyamba.

Kampani ya Blue Note inamutenga mu 1961, ndipo zimbale zimene anajambula kumeneko ndi zimene ambiri timaziona ngati pachimake pa luso lake, makamaka Go ya mu 1962. Koma ku New York kunali chopinga. Woimba aliyense wofuna kugwira ntchito m'kalabu yogulitsa mowa ankafunika chiphaso chochokera kupolisi, ndipo amene anamangidwapo pa mlandu wa mankhwala ankamanidwa. Lamulo limeneli linatha mu 1967, koma linali litawononga kale ntchito za anthu ambiri. Mu 1962 Gordon anaitanidwa kukaimba ku London, kukalabu ya Ronnie Scott, ndipo ulendo umene unayenera kukhala waufupi unasanduka zaka 14. Anakhala nthawi ina ku Paris, koma kwawo kwenikweni kunali ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, kumene ankaimba kawirikawiri kukalabu ya Jazzhus Montmartre. Ku Ulaya anapeza ntchito yokhazikika, ulemu, ndi mpumulo ku tsankho limene anakulira nalo. Mu 1976 anabwerera ku New York, anthu anadzaza kalabu ya Village Vanguard, ndipo kampani ya Columbia inatulutsa chimbale cha Homecoming kuchokera pa mausiku amenewo. Magazini ya DownBeat inamutcha woimba wa chaka mu 1978 ndi mu 1980.

Pofika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, thupi linali litatopa. Mowa, fodya ndi zaka za pamsewu zinamufooketsa, ndipo anali atasiya kuonekaoneka pa siteji. Ndi pa nthawi imeneyi pamene Bertrand Tavernier, wotsogolera mafilimu wa ku France amene ankakonda jazi kuyambira ali mnyamata, ankafunafuna munthu woti akhale Dale Turner, woimba amene ndi mwini nkhani mu Round Midnight. Tavernier anakana kutenga katswiri wa zisudzo woti azingogwedeza zala pa saxophone wina akuliza kuseri. Ankafuna woimba weniweni.

Tsopano tiyeni tione zimene mnzanu akunena zoona. Mawu osasa ndi okokeka aja ndi a Gordon yemwe. Kayendedwe kopendama kaja, ka munthu wamtali amene miyendo ikumulemera, sikanali kongopeka. Ankadziwa kukhala mlendo ku Paris, ankadziwa ludzu la mowa, ankadziwa chipinda cha hotela chimene munthu amadzukamo masana dzuwa litapendeka. Ndiponso ndivomereze kuti kaimbidwe kake m'filimuyo sikafika pa mphamvu ya mu 1962: mpweya unali utachepa, ziganizo zinafupika. Zonsezi anabwera nazo, sanachite kuziphunzira.

Koma Dale Turner si Dexter Gordon. Munthu wa m'filimuyo anaumbidwa kuchokera kwa anthu awiri, Lester Young ndi woimba piyano Bud Powell. Nkhani ya ubwenzi wa woimba wodwala ndi mnyamata wa ku France amene amamutenga n'kumusamalira kunyumba kwake inachokera pa zimene zinachitikadi pakati pa Powell ndi Francis Paudras, amene analemba buku lofotokoza zaka zimenezo. Mayi uja wotchedwa Buttercup, amene amatsekera Dale m'chipinda n'kumalandira malipiro ake, akuchokeranso m'moyo wa Powell. Chizolowezi chotchula aliyense kuti Lady, ngakhale mwamuna, chinali cha Young, ndipo nkhanza za ku usilikali zimene Dale amazifotokoza zikukumbutsa zimene Young anakumana nazo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhaniyo inaikidwa mu 1959, chaka chimene Young anachoka ku Paris akudwala n'kukamwalira ku New York atangofika. Powell nayenso anabwerera ku New York mu 1964, ndipo anamwalira mu 1966 ali ndi zaka 41. Onse awiri kubwerera kwawo kunawathera. Gordon kubwerera kwake kunamukweza. Iye anali munthu wansangala, wokonda kuwerenga, wodziwa kucheza ndi kuseketsa, amene anagwa n'kudzukanso kangapo. Dale ndi munthu amene akuzima pang'onopang'ono ndipo akudziwa.

Ndiye chimene Gordon anachita ndi ichi: anatenga anthu awiri amene ankawadziwa maso ndi maso, mmodzi amene ankamutsanzira ali mnyamata, wina amene anajambula naye chimbale cha Our Man in Paris mu 1963, n'kuwalowetsa m'thupi lake ndi m'mawu ake kuti atuluke munthu mmodzi wachitatu. Ngati imeneyi si ntchito ya zisudzo, ndiye kuti tiyenera kufufuta mayina a akatswiri ambiri amene timawatama. Wochita zisudzo aliyense amatunga pa zimene wadutsamo. Funso ndi lakuti watunga zingati, wasiya ziti, ndipo waziika pati.

Palinso chinthu chimene anthu amene sanaonepo filimu ikujambulidwa amachiiwala. Kukhala mmene ulili pamaso pa kamera n'kovuta kwambiri. Pamakhala magetsi otentha, anthu ambiri atakuzungulira, chizindikiro pansi pamene uyenera kuima, ndipo chigawo chimodzi chimabwerezedwa kangapo. Nkhani sijambulidwa motsatana. Lero mungajambule za kumapeto, mawa za kuchiyambi, ndipo munthu ayenera kukumbukira kuti pa chigawo ichi Dale wafika pati pa kudwala kwake ndi pa kukhulupirira mnzake uja. Oimba ambiri otchuka anaikidwapo pamaso pa kamera kuti angokhala mmene alili, n'kuuma gwa, maso akusowa poyang'ana. Ngakhale kalabu ya Blue Note ya ku Paris imene mukuiona m'filimuyo si yeniyeni: inamangidwa mu situdiyo ndi Alexandre Trauner, katswiri wokonza malo ojambulira. Gordon ankayenera kuchititsa kuti makoma ongoimika aja amveke ngati malo amene wakhala akugwiramo ntchito usiku uliwonse.

Chimene chinamuthandiza, mmene ine ndikuonera, ndi jazi yomweyo. Mukaoneranso filimuyo, yang'anitsitsani mmene amayankhira François Cluzet, amene m'filimuyo ndi Francis, mnyamata wa ku France uja wosamalira Dale. Cluzet amalankhula mofulumira, manja ali m'mwamba, nkhawa ili pankhope. Gordon amadikira. Amasiya kamphindi kadutse, nthawi zina amayamba ndi kumwetulira kapena kukweza dzanja, kenako n'kutulutsa mawu atatu kapena anayi. Kumeneku ndi kutsalira kumbuyo kwa ng'oma kuja, koma tsopano ndi mawu apakamwa. Ndiponso amamvetsera. Woimba jazi amene samvetsera anzake sangapite patali, chifukwa chimene ati alize chimadalira chimene wa piyano wangoliza kumene. Aphunzitsi a zisudzo amatha zaka akuuza ophunzira awo kuti asamangodikira nthawi yawo yolankhula koma azimva zimene mnzawo akunena. Gordon anali atachita zimenezo kwa zaka zoposa 40 pa siteji.

Sanangolandira mawu olembedwa n'kuwaloweza. Tavernier anamupatsa mpata wosintha zokambirana, ndipo Gordon anakonza malo ambiri amene ankaona kuti woimba weniweni sangalankhule choncho. Ankafuna kuti anthu a m'badwo wake asaoneke ngati zidakwa zomvetsa chisoni chabe, koma ngati amisiri amene ankaganizira kwambiri ntchito yawo. N'chifukwa chake Dale, ngakhale pamene akupempha kapu ya vinyo, sataya ulemu wake. Kusunga zinthu ziwirizi pamodzi, kufooka ndi ulemu, popanda chimodzi kumeza chinzake, ndi chisankho cha munthu amene akudziwa chimene akuchita.

Nyimbo za m'filimuyo zinajambulidwa pomwepo, oimba akuliza pamaso pa kamera, zimene sizichitikachitika m'mafilimu. Herbie Hancock ndiye ankatsogolera, ndipo muli Bobby Hutcherson, Wayne Shorter, Billy Higgins, Pierre Michelot, Ron Carter, Tony Williams, Freddie Hubbard ndi ena. Munthu amene mawu ake anachotsedwa ku Chino tsopano ankamveka yekha, mpweya uliwonse, ngakhale pamene wapelewera. Ndipo kupelewera kumeneko kunagwirizana ndi nkhani, pakuti Dale ndi woimba amene mphamvu zikumuthera koma nzeru za nyimbo zikadalipo.

Za chisoni zija, ganizirani mmene mayina a opikisana pa Oscar amasankhidwira. M'gawo la zisudzo, amene amasankha mayina asanu aja ndi ochita zisudzo anzawo a m'bungwe la Academy. Ndi anthu amene amadziwa kusiyana kwa munthu wongoima pamaso pa kamera ndi munthu amene akugwira ntchito. Chaka chimenecho Gordon anaikidwa pamodzi ndi Paul Newman, Bob Hoskins, William Hurt ndi James Woods. Pa mwambo wa mu March 1987 mphoto inapita kwa Newman, amene anali atapikisanapo kambirimbiri osapambana. Hancock anapata Oscar ya nyimbo za m'filimu. Ku Italy, Gordon anapatsidwa mphoto ya David di Donatello ya wochita zisudzo wakunja wopambana, ndipo chimbale cha The Other Side of Round Midnight chinamubweretsera mphoto ya nyimbo ya Grammy. Mu 1986, chaka chimene filimuyo inatuluka, bungwe la boma la America loona za luso linamupatsa ulemu wa Jazz Master.

Pamene ndingagwirizane ndi mnzanu ndi apa: Gordon sanakhale katswiri wa magawo osiyanasiyana, woti lero ndi mfumu mawa ndi wapolisi. Atamaliza Round Midnight anaonekera mu pulogalamu ya pa TV yotchedwa Crime Story, kenako anatenga gawo laling'ono la wodwala wotchedwa Rolando mu Awakenings, filimu ya Penny Marshall imene muli Robert De Niro ndi Robin Williams. Filimu imeneyo inatuluka kumapeto kwa 1990 iye atamwalira kale. Anatisiya pa 25 April chaka chomwecho ku Philadelphia, ali ndi zaka 67, atadwala khansa ya pakhosi ndi matenda a impso. Choncho mbiri yake pa kanema yatsamira pa gawo limodzi lalikulu. Koma kuchepa kwa magawo sikuchotsa kanthu pa gawo limene analichita bwino.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si zimene mnzanu akunena, koma zotsatira zake. Anthu akakhulupirira kuti Dale Turner ndi Dexter Gordon, amatsala ndi chithunzi cha nkhalamba yodwala yonjenjemera manja, n'kuganiza kuti ndi mmene analili moyo wake wonse. Kumeneko n'kumulakwira kawiri: kumulanda luso la zisudzo, ndiponso kuiwala chimphona chimene chinkagwedeza makalabu a ku Los Angeles, New York ndi Copenhagen. Mkazi wake, Maxine Gordon, anatulutsa buku la moyo wake mu 2018 lotchedwa Sophisticated Giant, ndipo lina mwa ntchito zake ndi kubwezeretsa munthu yense, osati wa m'filimu yekha.

Ngati mukufuna kudziweruzira nokha, pezani chimbale cha Go, chimene anajambula mu August 1962 pamodzi ndi Sonny Clark pa piyano, Butch Warren pa besi ndi Billy Higgins pa ng'oma. Mvetserani nyimbo yoyamba, mumve kukula kwa mawu ndi kudzidalira kwa munthu wa zaka 39 amene wangotuluka m'mavuto ndipo akudziwa kuti palibe womuposa m'chipindamo. Kenako mvetserani nyimbo yachiwiri, yodekha, muone mmene amakokera chiganizo mpaka mutayamba kudikira naye. Mukatero muitane mnzanuyo, muonere limodzi Round Midnight kachiwiri, ndipo mumufunse akuonetseni pamene Dale Turner akufanana ndi munthu wa pa chimbalecho ndi pamene akusiyana naye. Higgins yemweyo ali pa ng'oma m'zigawo za ku Paris, choncho mudzatha kuyerekeza mmene awiriwa ankamverana mu 1962 ndi mmene akumverana m'filimuyo.